Kufiira kwa duwa kumapita kuti dzuwa likalowa?

Tsiku lina madzulo, dzuwa litangolowa, mudzakhale panja pafupi ndi chomera cha maluwa ofiira ndipo musadzachokepo msanga. Masana duwa lofiira ndi limene limakoka maso, masamba amangokhala operekeza. Chisisira chikamagwa zinthu zimatembenuka. Duwa lija limayamba kuthimbirira mpaka kuda bii, pomwe masamba amatsala akuonekabe mowalirako. Mdima ukawonjezeka pang'ono zonse zimasanduka zotuwa, ndipo ngakhale mukuona bwinobwino kuti apa pali tsamba, apa pali duwa, simungalumbirenso kuti ili ndi lofiira. Katswiri wa za thupi la munthu wa ku Bohemia, Jan Evangelista Purkyně, analemba za kusinthaku kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero asayansi amakutchula ndi dzina lake.

Duwalo silinasinthe. Palibe amene walichotsa utoto. Chimene chachitika n'chakuti kufiira kuja sikunali m'duwamo chiyambire, ndipo sikunalinso m'kuwala kumene kumachokera pa duwalo. Kumapangidwa mkati mwa mutu wa munthu woonayo, ndipo zipangizo zopangira zikasiya kugwira ntchito nakonso kumatha. Pomva koyamba zimenezi zimakhala ngati nkhambakamwa, koma zikutsatira njira imene kuwala kumayenda kuchokera kudzuwa mpaka kukafika kumbuyo kwa ubongo.

Anthu anatenga nthawi yaitali kuti agwirizane ngakhale za mbali imene kuwala kumalowera. Akatswiri otchuka a Chigiriki monga Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti maso ndi amene amatulutsa cheza chokakhudza zinthu, ngati mmene munthu amafufuzira ndi ndodo mumdima. Amene anagwetsa maganizowa ndi umboni wooneka anali Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, amene anagwira ntchito yake yaikulu ku Cairo. Iye anaonetsa kuti kuwala kumachoka pa chinthu, kumayenda mowongoka, n'kulowa m'diso. Umboni wina ndi woti aliyense amaudziwa: mukayang'ana dzuwa maso amapweteka, ndipo mukatsinzina chithunzi chake chimatsalabe kwa kanthawi. Chinthu chimene chikukupwetekani n'chimene chalowa, osati chimene mwatulutsa.

Kuwala kwenikweniko

Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Dzuwa lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, choncho kuwala kwake kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuti kutipeze. Kochokera kumwezi kumafika pa sekondi imodzi ndi kachidutswa. Liwiro limeneli ndi lalikulu moti ambiri ankaganiza kuti kuwala sikuyenda n'komwe, kumangopezeka kwafika. Mu 1676 Ole Rømer, wa ku Denmark amene ankagwira ntchito ku Paris, anaona kuti mwezi wina wa Jupiter wotchedwa Io umachedwa kutulukira kuseri kwa pulaneti lake nthawi imene dziko lathu latalikirana ndi Jupiter, ndipo umafulumira tikayandikira. Anazindikira kuti wochedwa si mweziwo ayi, ndi uthenga wake, chifukwa mtunda woti udutse watalika.

Nanga chimene chikuthamangacho n'chiyani? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Thomas Young anadutsitsa kuwala pa timipata tiwiri toyandikana kwambiri. Pakhoma sipanaoneke mizere iwiri yowala ayi, panaoneka mizere yambiri, yowala ndi yakuda motsatizana. Kuwala kuphatikiza kuwala kunabala mdima m'malo ena. Zotere zimachitika ndi mafunde okha. Mukaponya miyala iwiri m'dziwe, pamene nsonga ya funde lina yakumana ndi chigwa cha funde linzake madzi amakhala bata, ndipo pamene nsonga ziwiri zakumana madzi amakwera kuposa. M'zaka za m'ma 1860 James Clerk Maxwell wa ku Scotland anawerengera liwiro limene mafunde a mphamvu ya magetsi ndi maginito ayenera kuyenda nalo, n'kupeza kuti likufanana ndi liwiro la kuwala limene ena anali atayeza kale. Apa m'pamene zinadziwika kuti kuwala ndi mafunde a magetsi ndi maginito, amene safuna madzi kapena mpweya woti ayendemo.

Mafunde amenewa amasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho kutalika kwake, kutanthauza mtunda wochokera pansonga ya funde limodzi kufika pansonga ya lotsatira. A wailesi ya FM amatalika pafupifupi mamita atatu. A X-ray ndi aafupi kuposa mananomita 10, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Onsewa ndi a banja limodzi ndipo amayenda pa liwiro limodzi. Diso la munthu limamva okhawo otalika kuyambira mananomita pafupifupi 380 kufika pafupifupi 700. Mafunde a pakati pa malirewa ndi aafupi moti pafupifupi 100 akhoza kundanda m'mimba mwake mwa tsitsi limodzi.

Kuchepa kwa kazenera kameneka n'kodabwitsa mukakayerekeza ndi khutu. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira mawu onjenjemera ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000, kusiyana kwa maulendo 1,000. Diso, funde lalitali kwambiri limene limaona silifika ngakhale kuwirikiza kawiri lalifupi kwambiri. Mitundu yonse imene munaionapo chibadwire inadzera pampata wopapatiza chonchi.

Kuti kunja kwa mpatawu kulinso kuwala zinatulukira mwangozi. Mu 1800 William Herschel ankayeza kutentha kwa mtundu uliwonse wa kuwala kwa dzuwa atakumwaza ndi galasi. Ataika choyezera kutentha kupyola pamene kufiira kwathera, pamalo pooneka ngati palibe kanthu, anapeza kuti mpamene pakutentha kwambiri. Uku ndiko kuwala kwa infrared, kumene khungu lanu limakumva mukayandikira moto koma maso sakuona. Chaka chotsatira Johann Ritter wa ku Germany anayesa mbali inayo pogwiritsa ntchito mankhwala a siliva amene amada akawalidwa, ndipo anada msanga kupyola pamene mtundu wa pepo wathera. Uku ndiko kuwala kwa ultraviolet.

Pali chigawo china cha nkhaniyi chimene chimaimitsa mutu. Mu 1905 Albert Einstein anaonetsa kuti kuwala kukamapereka mphamvu yake ku chinthu sikupereka ngati madzi oyenderera, kumapereka m'timaphukusi tosagawika, timene masiku ano timatchedwa mafotoni. Kuyenda kumayenda ngati funde, kufika kumafika ngati kanjere. Funde likafupika, fotoni yake imanyamula mphamvu yambiri. N'chifukwa chake ultraviolet amawaula khungu ndipo amapweteka maso a wowotcherera zitsulo amene sanavale chotchinga, pomwe mafunde a wailesi amatidutsa usana ndi usiku osatichita kanthu. Izi zikufotokozanso chifukwa chake kazenera kathu kali pamene kalipo. Mafotoni a pakatipa ali ndi mphamvu yokwanira kusintha kapangidwe ka kachinthu kamodzi ka m'selo la m'diso koma osakaphwanya. Dzuwa limawalanso mwamphamvu kwambiri m'chigawo chomwechi, mpweya wozungulira dziko umachilola kudutsa, ndipo madzi nawonso amachilola pomwe infrared amamumeza. Diso lenilenilo ndi kathumba kodzaza madzi.

Galasi la Newton

Cha m'ma 1666 Isaac Newton anatseka chipinda chake n'kusiya kabowo kamodzi kolowetsa cheza cha dzuwa, ndipo panjira ya chezacho anaikapo prizimu, galasi lolimba la mbali zitatu. Pakhoma panaoneka mzere wa mitundu ya utawaleza. Zimenezi anthu ankazidziwa kale, koma ankati galasilo ndi limene limadetsa kuwala koyera n'kukupaka mitundu. Nzeru ya Newton inali pa prizimu yachiwiri. Anapatula mtundu umodzi n'kuudutsitsa pa galasi lina, ndipo unapindika koma sunasinthe. Atasonkhanitsanso mitundu yonse pamodzi, kuwala koyera kunabwerera. Choncho kuyera ndi kusakanikirana, ndipo galasi limangolekanitsa zimene zinalimo kale popeza funde lalifupi limapindika kwambiri kuposa lalitali. Analemba zimenezi ku bungwe la Royal Society mu 1672.

Za mitundu isanu ndi iwiri ya utawaleza imene ana amaloweza kusukulu, tisazitenge ngati lamulo la chilengedwe. Newton poyamba anawerenga isanu, kenaka anawonjezera iwiri pofuna kuti chiwerengero chifanane ndi manoti asanu ndi awiri a nyimbo. Mu utawaleza weniweni mulibe malire. Kufiira kumalowerera mu olenji, olenji mu chikasu, chikasu mu kubiriwira, popanda pamene mungaloze kuti apa ndiye pathera. Malirewo amaika ndi anthu, ndipo zilankhulo zimaika mosiyana. Chichewa chili ndi mawu akeake okhazikika a kuyera, kuda, kufiira ndi kubiriwira, pomwe buluu ndi pepo tinachita kubwereka, koma zimenezi sizitanthauza kuti amene analankhula chinenerochi mawuwa asanafike sankaona thambo. Newton mwiniwake analemba mosapsatira kuti cheza cha kuwala pachokha chilibe mtundu, chili ndi mphamvu chabe yodzutsa mwa munthu kumva kwa mtundu wakutiwakuti. Mfundo imeneyi ambiri amaidumpha, chikhalirecho ndiyo yofunika kuposa ya mitundu isanu ndi iwiri ija.

Kuwala kwa dzuwa kukagwa pa duwa lija, utoto wa m'duwamo umameza mafunde aafupi ndi apakati n'kubweza aataliwo. Tsamba limameza kwambiri aatali ndi aafupi, amene limapangira chakudya chake, n'kubweza ena mwa apakati. Chinthu chakuda chimameza pafupifupi onse, n'chifukwa chake chimatentha padzuwa. Thambo nalo ndi nkhani ya kusankhana komweku. Lord Rayleigh anafotokoza mu 1871 kuti tinthu tating'onoting'ono ta mpweya timamwaza mafunde aafupi maulendo angapo kuposa aatali, motero buluu amatifika kuchokera mbali zonse za kumwamba. Madzulo kuwala kumadutsa mpweya wochuluka kusanatipeze, buluu amatayikira m'njira, ndipo chotsala ndi kufiira kwa dzuwa lolowa. Kumwezi kulibe mpweya, ndiye thambo la kumeneko limakhala lakuda ngakhale masana.

Mkati mwa diso

Ambiri amaganiza kuti lenzi ya m'diso ndi imene imagwira ntchito yonse yolunjikitsa kuwala. Zoona zake n'zakuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchitoyi amagwira ndi cornea, kachikopa koonekera kamene kali kutsogolo kwenikweni kwa diso. Imapinda kuwala chifukwa cha kusiyana kwa mpweya ndi madzi a m'disomo. Mukatsegula maso pansi pa madzi kusiyanako kumatha ndipo zonse zimaoneka mwachimbuuzi, koma mukavala magalasi osambira, amene amasunga kampweya patsogolo pa diso, kuona kumabwerera. Lenzi ntchito yake ndi yokonza zotsala, kunenepa mukamayang'ana pafupi ndi kuphwatalala mukamayang'ana patali. Munthu akapitirira zaka 40 lenziyi imayamba kuuma, ndipo mpamene amayamba kutalikitsa pepala powerenga. Ikachita mtambo ndiye ng'ala. Johannes Kepler anaonetsa mu 1604 kuti chithunzi chimene chimagwa kumbuyo kwa diso chimakhala chozondoka. Anthu anavutika nazo zimenezi, koma m'mutu mulibe kamunthu koyang'ana chithunzicho kuti kadandaule. Ubongo umangolandira uthenga n'kudziwa kuti mbali iyi ndi kumene kuli mapazi.

Mwana wa diso amakula ndi kuchepa kuyambira mamilimita pafupifupi awiri mpaka asanu ndi atatu, zimene zimasintha kuwala kolowa maulendo 16 okha. Komatu dzuwa limawala kuposa mwezi wathunthu maulendo pafupifupi 400,000, ndipo timaona pa zonse ziwiri. Ntchito yaikulu yozolowera kuwala ndi mdima imachitika pa retina, kansalu kopyapyala ka maselo kamene kanayalidwa kumbuyo kwa diso.

Pa retina pali magulu awiri akuluakulu a maselo omva kuwala. Ena ndi oongoka ngati tindodo, asayansi amawatcha ma rod, ndipo alipo oposa 90 miliyoni m'diso limodzi. Ena ndi osongoka, ma cone, ndipo alipo 5 kapena 6 miliyoni okha. M'selo lililonse muli kachinthu kotchedwa retinal kamene thupi limapanga kuchokera ku vitamini A. Kamakhala kopindika, ndipo fotoni ikakagunda kamawongoka. Kuwongoka kumeneko kumayambitsa mndandanda wa zochitika m'selomo mpaka mphamvu ya magetsi ya selolo itasintha. Kuona konse kumayambira pa kachinthu kamodzi kowongoka. George Wald, amene anafufuza zimenezi, analandira mphoto ya Nobel mu 1967. Apa mpamene pali chifukwa chake munthu wosowa vitamini A amayamba ndi kulephera kuona kukada.

Ma rod ndi a usiku. Mu 1942 Selig Hecht ndi anzake ku Columbia University anaonetsa kuti rod imodzi imatha kumva fotoni imodzi yokha, ndipo munthu amene wakhalitsa mumdima amazindikira kung'anima ngakhale mafotoni amene amezedwa ndi retina sanafike 10. Palibe kuwala kochepa kuposa fotoni imodzi, ndiye tinganene kuti apa diso linafika pamapeto a zotheka. Koma sizichitika msanga. Mukachoka powala kulowa mumdima, ma rod amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti adzazenso mankhwala awo amene kuwala kunawasukulutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woona nyenyezi amadziwa kuti kungoyang'ana foni kamodzi kumamubweza poyambira.

Tsopano duwa lija. Ma rod amamva kwambiri mafunde a mananomita pafupifupi 500, chigawo cha pakati pa buluu ndi kubiriwira, ndipo mafunde aatali a kufiira sawamva kwenikweni. Kuwala kukamachepa ma cone amagonja, ma rod n'kutenga ulamuliro. Duwa limene limangobweza mafunde aatali limasowa wolilandira, ndiye limada, pomwe tsamba likadali ndi omvera. Ndipo popeza ma rod ndi a gulu limodzi lokha, alibe choyerekeza nacho, motero mitundu yonse imatha n'kutsala kuwala ndi kuda basi.

Mawu atatu okha

Mfundo yakuti alibe choyerekeza nacho ndiyo phata la nkhani yonse ya mitundu. Selo limodzi lomva kuwala silidziwa kutalika kwa funde limene laligunda. Lili ngati mlonda wowerenga anthu pachipata amene sanauzidwe kufunsa mayina: amangonena kuti alowa ochuluka kapena ochepa. Selo likafuula kwambiri, mwina ndi chifukwa cha kuwala kochepa kwa funde limene limalikonda, mwina ndi kuwala kochuluka kwa funde limene sililikonda kwenikweni. Palokha silingasiyanitse.

Ma cone alipo magulu atatu. Lina limamva kwambiri cha pa mananomita 420, lina cha pa 530, lina cha pa 560. Mabuku ambiri amawatcha a buluu, obiriwira ndi ofiira, koma mayinawa ndi osocheretsa, chifukwa lotchedwa lofiiralo limamva kwambiri pa chikasu chobiriwirako, ndipo magulu awiri otsirizawa amalowerana kwambiri. Chimene ubongo umachita ndi kuyerekeza: lafuula kwambiri ndi liti, ndipo laposa linzake ndi mlingo wanji. Kuwala kochokera pa chinthu chilichonse kumakhala ndi mafunde osawerengeka osakanikirana, koma diso limakufinya konseko kukhala manambala atatu. Thomas Young yemwe uja anaganiza zimenezi mu 1802, asanaone selo ngakhale limodzi, pongoona kuti n'zosatheka kuti kadontho kalikonse ka retina kakhale ndi womvera wa mtundu uliwonse payekhapayekha. Hermann von Helmholtz anakulitsa ganizoli patapita zaka pafupifupi 50.

Zotsatira zake n'zachilendo. Kuwala kwa mananomita 580 kumaoneka kwachikasu chifukwa kumadzutsa gulu lachiwiri ndi lachitatu pamlingo winawake. Koma mukasakaniza kuwala kofiira ndi kobiriwira mungathe kudzutsa magulu omwewo pamlingo womwewo, popanda funde la 580 ngakhale limodzi, ndipo diso lidzati ndi chikasu. Chipangizo choyezera mafunde chinganene kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Munthu sangasiyanitse. Khutu silinyengeka chonchi, chifukwa mukaliza manoti awiri pamodzi mumamva onse awiri, osati noti yachitatu ya pakati.

Pafupifupi sikirini iliyonse ya foni, kompyuta ndi wailesi yakanema imadyera pa chofooka chimenechi. Mukaiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu mudzaona timadontho tofiira, tobiriwira ndi ta buluu basi. Chikasu chimene mukuchiona pa sikirini mulibemo. Maxwell anasonyeza mfundoyi ku London mu 1861 pophatikiza zithunzi zitatu za riboni, chilichonse chojambulidwa kudzera pa sefa ya mtundu wake. Tinganene kuti sikirini inasokedwa poyeza diso la munthu, ndipo nyama imene ili ndi magulu ena a ma cone singaone pa sikirinipo mitundu yofanana ndi ya zinthu zenizeni.

Palinso mitundu imene ilibe funde lake n'komwe. Mtundu wa pinki wowala wolowera ku pepo simungaupeze pa utawaleza. Umabadwa pamene gulu loyamba ndi lachitatu akufuula koma lapakati lili chete, zimene funde limodzi silingachite. Ubongo umatenga nsonga ziwiri za mzere wowongoka uja n'kuzilumikiza kukhala mkombero, ndipo pamfundopo umaikapo mtundu wakewake. Bulauni naye kulibe nyali imene ingamutulutse payokha mumdima, chifukwa ndi olenji amene wazunguliridwa ndi zinthu zowala kumuposa.

Ewald Hering, m'zaka za m'ma 1870, anaona chinthu chimene chiphunzitso cha magulu atatu sichinkafotokoza. Munthu angathe kunena za buluu wobiriwirako kapena chikasu chofiirirako, koma palibe anaonapo kufiira kobiriwira kapena chikasu chabuluu. Iye anati mitundu imayenda iwiriiwiri molimbana. Otsatira a Helmholtz anakangana naye kwa nthawi yaitali, ndipo pamapeto pake zinapezeka kuti onse ankanena zoona, aliyense pa siteji yake. Ma cone ndi atatu ndithu, koma maselo otsatira pa retina yomweyo amachotsera uthenga wa gulu lina ku wa linzake asanautumize. Mungadziyese nokha. Yang'anitsitsani chinthu chofiira kwambiri kwa masekondi 30 osasuntha maso, kenaka yang'anani khoma loyera. Mudzaona chithunzi chake chili chobiriwira mwabuluu, chifukwa mbali imodzi ya sikelo yatopa ndipo inayo yapendeka.

Zimene ubongo umawonjezera

Maselo omva kuwala ali pafupifupi 100 miliyoni, koma mtsempha wochoka m'diso kupita ku ubongo uli ndi timaulusi pafupifupi miliyoni imodzi. Ndiye diso silitumiza chithunzi chonse. Limatumiza makamaka pamene pali kusiyana ndi pamene pasintha. David Hubel ndi Torsten Wiesel, pofufuza ubongo wa amphaka kuyambira 1959, anapeza kuti kumbuyo kwa ubongo kuli maselo amene amadzuka pokhapokha aona mzere wopendekera mbali yakutiyakuti. Analandira Nobel mu 1981.

Kuona kwakuthwa kuli pa kadzenje kamodzi ka pakati pa retina, fovea, pamene ma cone anathithikana ndipo ma rod palibe. Kukula kwa malo amene kadzenjeka kamaona ndi ngati chikhadabo cha chala chachikulu mutatambasula mkono. Yang'anani liwu limodzi m'chiganizo chino osasuntha maso, muone ngati mungawerenge la mizere itatu pansi pake. Timaganiza kuti tikuona chipinda chonse bwinobwino chifukwa maso amadumphadumpha pafupifupi katatu pa sekondi, ndipo ubongo umasoka zidutswazo n'kubisa nthawi ya kudumphako. Imani pagalasi muziyang'ana diso lakumanzere kenaka lakumanja. Simudzaona maso anu akuyenda, koma woima pambali panu adzawaona. Kusowa kwa ma rod pa fovea ndiko kumachititsanso kuti nyenyezi yofooka izimiririke mukaiyang'ana mwachindunji n'kuonekanso mukayang'ana chapambali pake.

Pamene mtsempha uja umatulukira palibe selo lomva kuwala ngakhale limodzi. Edme Mariotte wa ku France anatulukira malowa m'zaka za m'ma 1660. Jambulani kamtanda kumanzere kwa pepala ndi kadontho kumanja, motalikirana masentimita 10. Tsekani diso lakumanzere, yang'anani kamtandako ndi lakumanja, ndipo yendetsani pepalalo pang'onopang'ono kuyandikira ndi kutalikira nkhope. Pena pake kadontho kaja kadzasowa. Chochititsa chidwi n'chakuti pamalopo sipaoneka bowo lakuda, pamaoneka pepala loyera. Ubongo wadzazapo zimene ukuganiza kuti ziyenera kukhalapo.

Ndi mitundu umachitanso chimodzimodzi. Khala lakuda lili padzuwa la masana limatumiza m'diso kuwala kochuluka kuposa pepala loyera lili m'chipinda, koma khalalo limaonekabe lakuda, pepala loyera. Pepala lomwelo pa kandulo limabweza kuwala kwa olenji, pamthunzi masana limabweza kolowera ku buluu, koma inu mumati ndi loyera nthawi zonse. Ubongo umayamba waganizira kuti kuwala kwa pamalopo n'kotani, n'kuchotsera, kuti upeze mtundu wa chinthucho. Nthawi zambiri umalondola ndipo sitizindikira kuti panali kuganizira. Mu February 2015 chithunzi cha diresi lina chinagawa anthu pa intaneti, ena akuti ndi la buluu ndi lakuda, ena akuti ndi loyera ndi lagolide. Diresilo linali la buluu ndi lakuda. Chithunzicho sichinkaonetsa bwino kuti kuwala kukuchokera kuti, ndiye ubongo wina unachotsera kuwala kwachikasu kwa babu, wina unachotsera buluu wa pamthunzi. Mafunde olowa m'maso anali amodzimodzi kwa onse.

Maso ena amadula mpata uja mosiyana ndi athu. Galu ali ndi magulu awiri a ma cone, ndipo kufiira ndi kubiriwira sakusiyanitsa bwino. Njuchi ili ndi atatu koma osunthira ku mafunde aafupi, moti imaona ultraviolet ndi zizindikiro za pamaluwa zimene ife sitiziona, pomwe kufiira kwenikweni sikuiwalira. Mbalame zambiri zili ndi anayi. Ngakhale mwa munthu, malire a kumunsi aja amaika ndi lenzi, imene imameza ultraviolet. Anthu amene anachotsedwa lenzi chifukwa cha ng'ala popanda kuikidwa ina yosefa amanena kuti amaona kuwalako ngati buluu wotuwa wolowera ku pepo.

Pakati pa anthu, kusiyana kofala ndi kwa gulu lachiwiri ndi lachitatu la ma cone. Malangizo opangira magulu awiriwa ali pa chromosome X, imodzi mwa timitolo ta malangizo a chibadwa ta m'selo, imene mwamuna ali nayo imodzi yokha pomwe mkazi ali nazo ziwiri, n'chifukwa chake vutoli limagwira kwambiri amuna. Mwa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya ndi mwamuna mmodzi mwa 12 ndi mkazi mmodzi mwa 200, ndipo mwa anthu a mu Africa chiwerengerocho n'chotsikirapo. Ambiri amakula osadziwa, popeza anaphunzira mayina a mitundu ngati wina aliyense ndipo palibe njira yosuzumira m'mutu mwa mnzako.

John Dalton, katswiri wa ku England amene amadziwika ndi chiphunzitso cha maatomu, anazindikira zake ali wamkulu kale, ndipo chinamuulula ndi duwa. Linali la geranium, limene anzake ankati ndi la pinki. Kwa iye masana linkaoneka labuluu ngati thambo, ndipo pa kandulo linkasanduka lofiira. Atafunsa ena anapeza kuti m'bale wake yekha ndi amene ankaona ngati iye. Mu 1794 anafotokoza zimenezi pamaso pa bungwe la akatswiri ku Manchester, ndipo anaganiza kuti madzi a m'diso mwake ayenera kuti ndi abuluu, akusefa kufiira. Analamula kuti akadzamwalira maso ake adzawang'ambe aone. Anamwalira mu 1844, dokotala anachita monga anauzidwira, ndipo madziwo anapezeka oyera mbee. Zotsala za masowo zinasungidwa ku Manchester, ndipo mu 1995 asayansi anayeza DNA yake n'kupeza kuti Dalton analibe malangizo opangira gulu lapakati la ma cone, lija la mananomita 530.